Batire la lithium: momwe limagwirira ntchito, chomwe chimaliteteza ndi komwe limachokera

Magetsi akazima mumzinda wa Blantyre, Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu, ntchito siimanso monga inkachitira zaka 20 zapitazo. Foni imayakabe, maejenti otumiza ndalama amapitiriza malonda, wophunzira amalembabe pa laputopu, ndipo m'nyumba zina inveta imalowa m'malo mwa magetsi a ESCOM banja lisanadziwe n'komwe kuti azima. Chomwe chimatheketsa zambiri mwa izi ndi batire la lithium-ion, lomwe lidayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1991.

Batireli limasunga mphamvu zambiri m'malo ochepa, ndipo ubwino ndi kuopsa kwake zimachokera pomwepo. Pachokha ndi chinthu chosachedwa kupsa mtima. Chimene chimalisunga mwamtendere m'thumba la munthu ndi kachipangizo kakang'ono ndi pulogalamu ya kompyuta zomwe zimalilondera usana ndi usiku. Wodziwa mlonda ameneyu amamvetsa chifukwa chake batire lina limatha zaka zisanu pomwe lina limatupa miyezi isanu isanakwane.

Zomwe zimachitika mkati

Batire silipanga magetsi. Limangosunga mphamvu zomwe lapatsidwa, monga thanki ya madzi yomangidwa pamtunda. Kutchaja kuli ngati kupopera madzi kukwera kuthanki, ndipo kugwiritsa ntchito foni kuli ngati kutsegula mpopi kuti madziwo atsike okha.

Mkati mwa batire la lithium-ion muli zigawo zinayi. Mbali imodzi, yotchedwa anode, kawirikawiri imapangidwa ndi graphite, chakuda chija cha mkati mwa pensulo. Mbali inayo, yotchedwa cathode, imapangidwa ndi lithium wosakaniza ndi zitsulo monga cobalt, nickel ndi manganese, kapena chitsulo wamba ndi phosphate. Pakati pa mbali ziwirizi pali kachikopa ka pulasitiki kopyapyala kuposa tsitsi la munthu, komwe kamaletsa kuti zisakhudzane. Zonsezi zimanyowetsedwa ndi madzi apadera otchedwa electrolyte, omwe amagwira moto mosavuta.

Batire likamatchajidwa, tizidutswa ting'onoting'ono ta lithium totchedwa ma ion timachoka ku cathode, kudutsa m'timabowo ta kachikopa kaja, n'kukabisala m'mipata ya graphite. Foni ikamagwira ntchito timabwerera komwe tidachoka, ndipo ulendo wobwererawu ndiwo umakankha magetsi m'mawaya. Popeza tizidutswati timangopita ndi kubwerera, batire limatha kudzazidwa kambirimbiri. Lithium adasankhidwa chifukwa ndiye chitsulo chopepuka kuposa zitsulo zonse, komanso amatulutsa mphamvu zake mosanyinyirika.

Mbiri yake mwachidule

Batire loyamba lidapangidwa ndi Alessandro Volta wa ku Italy m'chaka cha 1800, ndipo muyeso wa volt udatengera dzina lake. Mu 1859, Gaston Planté wa ku France adapanga batire la mtovu ndi asidi lotha kutchajidwanso, kholo la batire lomwe limaliza galimoto mpaka lero.

Batire la lithium lidabadwa pa nthawi ya vuto la mafuta la m'zaka za m'ma 1970. Stanley Whittingham, yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya mafuta ya Exxon ku America, adapanga batire logwiritsa ntchito chitsulo cha lithium chenicheni, koma linkayaka moto kawirikawiri. Mu 1980, John Goodenough wa pa yunivesite ya Oxford ku Britain adapeza kuti cathode ya lithium ndi cobalt imapereka pafupifupi ma volt 4, mphamvu zoposa za mabatire a nthawiyo. Mu 1985, Akira Yoshino wa kampani ya Asahi Kasei ku Japan adachotsa chitsulo cha lithium ku anode n'kuikapo mtundu wa makala ochokera ku mafuta, ndipo batire lidakhala lodekha mokwanira kulowa m'nyumba za anthu. Kampani ya Sony idayamba kuligulitsa mu 1991.

Atatuwa adalandira mphotho ya Nobel mu 2019. Goodenough adali ndi zaka 97, wamkulu kuposa aliyense amene adalandirapo mphothoyi, ndipo adamwalira mu 2023 ali ndi zaka 100. Gulu lake lomwelo, atasamukira ku yunivesite ya Texas, ndilo lidatulukira m'zaka za m'ma 1990 mtundu wa lithium iron phosphate, wodziwika mwachidule kuti LFP, womwe lero wadzaza m'mabatire a sola.

Tanthauzo la manambala a pa batire

Ogulitsa mafoni amakonda kutchula nambala ya mAh, koma nambalayi payokha sinena zonse. Muyeso wosanama ndi Wh, womwe umapezeka pochulukitsa ma volt ndi ma Ah, ndipo 1,000 mAh ndiye Ah imodzi. Batire la foni la 5,000 mAh limasunga pafupifupi 19 Wh, mphamvu zokwanira kuyatsa babu la mawati 10 kwa maola osakwana awiri.

Masamu omwewa amafotokoza dandaulo la ogula power bank ambiri. Power bank yolembedwa 10,000 mAh imasunga 37 Wh pa ma volt 3.7, koma potulutsa magetsiwo imawakweza kufika pa ma volt 5, ndipo mphamvu zina zimatayika monga kutentha. Motero ngakhale yabwino imapereka pafupifupi magawo awiri mwa atatu a nambala yolembedwayo. Kulemera nakonso ndi mboni: lithium ali ndi malire a mphamvu zomwe angasunge pa kilogalamu, choncho power bank yopepuka ngati foni koma yolembedwa 50,000 mAh ndi yabodza.

Muyeso wa Wh ndiwonso amayang'ana a ndege. Malamulo a maulendo a pandege amalola batire lapadera losapitirira 100 Wh m'chikwama cha m'manja, lomwe ndi pafupifupi 27,000 mAh. La pakati pa 100 ndi 160 Wh limafuna chilolezo cha kampani ya ndege, ndipo power bank siloledwa m'katundu wopita kunsi kwa ndege, komwe moto ungayambe popanda wouona.

Mlonda wa mkati

Selo limodzi la lithium-ion la mufoni limadzaza likafika pa ma volt 4.2 kapena kupitirira pang'ono, ndipo limawonongeka likatsika kwambiri pansi pa ma volt 3. Mpata umenewu ndi wochepa, ndipo batire lokha silidziwa polekezera. N'chifukwa chake batire lililonse lopangidwa bwino limakhala ndi kachipangizo kolilamulira, komwe amisiri amakatcha BMS.

Ntchito ya BMS ndi kuyeza ma volt, kuchuluka kwa magetsi olowa ndi otuluka, komanso kutentha. Batire likadzaza, BMS imadula magetsi. Likatsika mopitirira muyeso, imazimitsa chipangizo. Likatentha, imachepetsa liwiro la kutchaja. M'mabatire aakulu, momwe maselo ambiri amalumikizidwa pamodzi, imaonetsetsa kuti onse akudzaza mofanana, chifukwa selo limodzi lotsogola kapena lotsalira limatha kuwononga anzake onse.

Ngakhale nambala ya maperesenti yooneka pakona ya foni si muyeso weniweni. Palibe chida chomwe chimasuzumira m'batire monga munthu amasuzumira mumtsuko. Pulogalamu imawerengera magetsi omwe alowa ndi omwe atuluka, n'kuyerekeza otsala. Batire likakalamba kuyerekezaku kumasokonekera, ndipo foni imatha kuzima ikusonyeza 30 peresenti.

Kutchaja kwachangu nakonso ndi mgwirizano wa mapulogalamu awiri. Foni ndi tchaja zimayamba zakambirana kudzera pa chingwe za ma volt oyenera. Batire likakhala lopanda kanthu limalandira magetsi ambiri, koma likayandikira 80 peresenti liwiro limatsitsidwa dala. Tchaja yachinyengo imalephera kusunga ma volt pamalo amodzi, ndipo ina siilekanitsa bwino magetsi a ma volt 230 a kukhoma ndi chingwe chomwe munthu wagwira m'manja.

Chifukwa chake batire limakalamba

Ulendo uliwonse wa lithium umasiya chipsera. Tizidutswa tina timakanirira pa graphite osabwereranso, ndipo pang'onopang'ono mphamvu zomwe batire lingasunge zimachepa. Kampani ya Apple imanena kuti mabatire a iPhone 14 ndi am'mbuyo mwake adapangidwa kuti azisungabe 80 peresenti ya mphamvu zawo atadzazidwa ndi kutsitsidwa kokwana 500, pomwe a iPhone 15 amafika 1,000. Powerengera, kutsitsa theka lero ndi theka lina mawa ndi ulendo umodzi.

Zinthu zitatu zimafulumizitsa ukalambawu. Choyamba ndi kutentha. Opanga mafoni amalangiza kuti asagwiritsidwe ntchito pamalo otentha kuposa madigiri 35, pomwe m'chigwa cha Shire mwezi wa Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Foni yosiyidwa padzuwa kutsogolo kwa galimoto kapena yotchajidwa pansi pa pilo imakalamba msanga. Chachiwiri ndi kukhala nthawi yaitali litadzaza mpaka 100 peresenti. Chachitatu ndi kulitsitsa mpaka kuzima tsiku ndi tsiku.

Langizo lakale loti batire latsopano litchajidwe usiku wonse, kapena lithe kaye lisanatchajidwenso, lidachokera ku mabatire a nickel a mafoni oyambirira. Kwa lithium, kukhala pakati pa 20 ndi 80 peresenti ndiko kumatalikitsa moyo. Mu 2019 Apple idaika mu iOS 13 pulogalamu yomwe imaphunzira nthawi imene mwini foni amadzuka, n'kuimitsa kutchaja pa 80 peresenti mpaka m'bandakucha. Mafoni ambiri a Android ali ndi njira yofanana nayo. Komabe kumene magetsi sadziwika nthawi yozimira, kudzaza foni mpaka kumapeto ndi chisankho chomveka, ndipo chofunika koposa chimakhala kuiteteza ku kutentha.

Pamene batire layaka

Kachikopa ka pakati kaja kakabooka, anode ndi cathode zimakhudzana ndipo mphamvu zonse zimatulukira pamalo amodzi. Kutentha kumasungunula kachikopako mopitirira, electrolyte imasanduka mpweya woyaka, ndipo cathode ya mitundu ina imatulutsa okosijeni wodyetsa motowo. Kutentha kumabala kutentha kwina mpaka selo loyandikana nalo ligwirenso. Zoyambitsa zake ndi kugwetsa kapena kuboola batire, kulitchaja mopitirira muyeso, kulitenthetsa, kapena kulakwitsa kwa kufakitale.

Makampani akuluakulu nawo adapsapo zala. Mu 2006 mabatire a Sony oposa 9 miliyoni a m'malaputopu adaitanitsidwa kuti abwezedwe kaamba ka tizitsulo tomwe tidatsalira mkati popanga. Mu Januwale 2013 ndege zonse za Boeing 787 zidaimitsidwa batire litayaka m'ndege ya Japan Airlines ku Boston ndipo lina litatentha m'ndege ya All Nippon Airways ku Japan. Boeing idatsekera batirelo m'bokosi lachitsulo lokhala ndi paipi yotulutsira utsi kunja, ndipo ndege yoyamba kunyamulanso anthu idali ya Ethiopian Airlines, kuchoka ku Addis Ababa kupita ku Nairobi mu Epulo chaka chomwecho.

Nkhani yodziwika koposa ndi ya Samsung Galaxy Note 7. Foniyi idatuluka mu Ogasiti 2016, ndipo pofika kumayambiriro kwa Sepitembala kampaniyo idaitanitsa mafoni 2.5 miliyoni. Mafoni olowa m'malo nawonso adayamba kuyaka, motero mu Okutobala idasiyiratu kuipanga, ndipo dziko la America lidaletsa kukwera nayo ndege. Kafukufuku yemwe adalengezedwa mu Januwale 2017 adapeza zolakwika ziwiri zosiyana: m'mabatire oyamba ngodya idali yopanikizika moti zigawo zamkati zidapindika, pomwe m'mabatire achiwiri mudali timinga ta kuwotcherera tomwe tidaboola kachikopa. Anthu ena atakana kubweza mafoniwo, Samsung idatumiza pulogalamu pa intaneti yomwe idayamba yachepetsa mlingo wa kutchaja, kenako n'kuletseratu kutchajako.

Masiku ano moto wambiri umachokera ku mabatire otsika mtengo a njinga zamagetsi, makamaka okonzedwanso ndi manja kapena otchajidwa ndi tchaja yosayenera. Mumzinda wa New York anthu 18 adafa mu 2023 pa moto wa mabatire a lithium, ndipo mzindawo udaletsa kugulitsa njinga ndi mabatire opanda chiphaso cha chitetezo.

Batire losokonekera limapereka zizindikiro: kutupa mpaka kukankha galasi kapena chivindikiro, kutentha lisakugwira ntchito, fungo lachilendo, kapena kaphokoso kosisima. Lotere siliyenera kutchajidwanso, kufinyidwa kapena kubooledwa, koma kuikidwa panja pa simenti kapena pamchenga, kutali ndi zoyaka. Utsi wake ndi wapoizoni. Moto wa chipangizo chaching'ono umaziziritsidwa ndi madzi ambiri chikachotsedwa kumagetsi, koma umatha kuyambiranso patapita maola. Batire lalikulu likayaka, chanzeru ndi kutuluka m'nyumba ndi kuitana ozimitsa moto, ndipo pachifukwa chimenechi siliyenera kutchajidwa pakhomo lotulukira.

Amene walamulira pulogalamu walamulira batire

Zomwe Samsung idachita zidapulumutsa anthu, koma zidaonetsanso kuti kampani ili kutali imatha kusintha khalidwe la batire lomwe munthu adagula ndi ndalama zake. Mu Disembala 2017 Apple idavomereza kuti inkachepetsa liwiro la ma iPhone okhala ndi mabatire okalamba pofuna kuti asamazime mwadzidzidzi. Cholinga chidali chomveka, koma ogula sadauzidwe, ndipo ena adagula mafoni atsopano pomwe chofunika chidali batire lokha. Mu 2020 dziko la France lidalipiritsa kampaniyo chindapusa cha mayuro 25 miliyoni, ndipo ku America idavomera kupereka ndalama zofika madola 500 miliyoni kwa odandaula.

Pomwe pali pulogalamu pamakhalanso khomo la akuba a pa kompyuta. Mu 2011 katswiri wa zachitetezo Charlie Miller adaonetsa pa msonkhano wa Black Hat ku Las Vegas kuti kachipangizo kolamulira mabatire a MacBook kadali ndi mawu achinsinsi ofanana m'makompyuta ambiri, ndipo adatha kulowamo n'kupha mabatire angapo. Mu 2015 ofufuza ena adapeza kuti masamba a pa intaneti amatha kugwiritsa ntchito mlingo wa batire pozindikira ndi kulondola munthu, zomwe zidachititsa kuti Firefox itseke mwayi umenewu mu 2017. Chingwe cha USB nacho chimanyamula magetsi ndi uthenga pamodzi, n'chifukwa chake nthambi ya FBI ya ku Denver idachenjeza mu 2023 za malo otchajira aulere. Mafoni amakono amafunsa kaye asanatumize kanthu, ndipo foni yosiyidwa pamalo otchajitsa iyenera kukhala yokhoma ndi nambala yachinsinsi.

Chiopsezo chimakula pamene zipangizo zamagetsi zalumikizidwa ku intaneti. Pa 23 Disembala 2015, akuba a pa kompyuta adalowa m'makina a makampani atatu ogawa magetsi ku Ukraine n'kuzimitsira makasitomala pafupifupi 225,000. Adazimitsanso mabatire osungira magetsi a m'maofesi olamulira kuti amisiri agwire ntchito mumdima. Phunziro lake limafika mpaka pakhomo: inveta zambiri za sola zimalamulidwa pafoni kudzera pa intaneti, ndipo mawu achinsinsi omwe zidabwera nawo ayenera kusinthidwa tsiku lomwe zaikidwa.

Mabatire aakulu odziyendetsa okha

Magetsi a dziko amayenera kupangidwa pa mlingo womwewo umene akugwiritsidwa ntchito mphindi iliyonse. Ku Malawi, monga ku Australia ndi ku Ulaya, chizindikiro cha mgwirizanowu ndi kugunda kwa magetsi ka 50 pa sekondi. Makina opanga magetsi akagwa mwadzidzidzi, kugundaku kumatsika, ndipo kukatsika kwambiri dziko lonse limatha kuzimiridwa. Munthu sangathamange mokwanira kuletsa zimenezi, koma batire lolamulidwa ndi kompyuta limayankha sekondi isanathe.

Chitsanzo chotchuka ndi Hornsdale ku South Australia. Chigawochi chidazimiridwa chonse mu Sepitembala 2016 kaamba ka mphepo yamkuntho, ndipo chaka chotsatira Tesla idamangira kampani ya Neoen batire la mamegawati 100 losunga 129 MWh. Patangopita masabata awiri chitsegulireni mu Disembala 2017, makina a malasha a Loy Yang m'chigawo cha Victoria adagwa, ndipo batirelo lidakankha magetsi palokha makina ena asanadzidzimuke n'komwe.

M'dziko muno, malo opangira magetsi a dzuwa a Golomoti m'boma la Dedza, omwe adamangidwa ndi JCM Power mogwirizana ndi InfraCo Africa, adayamba ntchito mu 2022. Amapanga mamegawati 20 ndipo ali ndi batire la mamegawati 5 losunga 10 MWh, kutanthauza kuti pa mphamvu zake zonse limatha maola awiri. Ntchito yake si kuunikira dziko usiku wonse, koma kutseka mpata mtambo ukaphimba dzuwa ndi kuthandiza madzulo pomwe anthu ambiri ayatsa magetsi. Mu 2024 ESCOM idakhazikitsa ntchito yomanga batire la mamegawati 20 ku Kanengo ndi thandizo la bungwe la GEAPP. Malire a mabatire otere ayenera kudziwika: pamene namondwe Ana adawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo palibe batire likadabweza mphamvu zomwe sizikupangidwa.

Komwe miyala yake imachokera

Mtengo wa mabatire a lithium watsika ndi pafupifupi 90 peresenti kuchokera mu 2010, ndipo bungwe la BloombergNEF lidauika pa madola 115 pa kWh mu 2024. China imapanga mabatire oposa magawo atatu mwa anayi a padziko lonse, motsogozedwa ndi makampani a CATL ndi BYD. Koma miyala yambiri imakumbidwa kwina, ndipo gawo lina lalikulu lili m'mayiko oyandikana ndi Malawi.

Pafupifupi 70 peresenti ya cobalt wa padziko lonse amachokera ku Democratic Republic of Congo, makamaka kudera la Kolwezi, pa mzere womwewo wa mkuwa umene umalowa m'Zambia. Mu 2016 bungwe la Amnesty International lidaulula kuti ana ankagwira ntchito m'migodi ina yokumbidwa ndi manja. Mu Epulo 2022 Zambia ndi Congo zidasainirana mgwirizano ku Lusaka wofuna kuyamba kupanga zigawo za mabatire m'malo mongotumiza miyala. Lithium wambiri amakumbidwa ku Australia, Chile ndi China, koma Zimbabwe ndiyo ikutsogola mu Africa kudzera m'migodi monga Bikita ndi Arcadia, yomwe idagulidwa ndi makampani a ku China mu 2022. Mu Disembala chaka chomwecho boma la Zimbabwe lidaletsa kutumiza kunja miyala ya lithium yosayengedwa.

Polemera kwake, batire limakhala ndi graphite wambiri kuposa lithium. Mgodi wa Balama m'chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique ndi umodzi mwa migodi ikuluikulu ya graphite padziko lonse. Ku Malawi, graphite adapezeka ku Malingunde komanso ku Kasiya m'boma la Lilongwe, komwe kampani ya Sovereign Metals idapezanso rutile wambiri, ndipo kampani ya Rio Tinto idagulamo masheya mu 2023. Komabe ndalama zambiri sizili pokumba koma poyenga, ndipo oposa 90 peresenti ya graphite woyengedwera mabatire amadutsa ku China.

Batire la pakhomo ndi mathero ake

Banja lofuna batire la sola kapena la inveta limasankha pakati pa mtovu ndi LFP. Batire la mtovu la ma volt 12 ndi 100 Ah limasunga 1,200 Wh, koma likamatsitsidwa kupitirira theka limafa msanga, choncho mphamvu zogwiritsika ndi pafupifupi 600 Wh. Wailesi ya kanema ya mawati 60 ndi mababu anayi a mawati 10 zimatha mphamvuzi m'maola asanu ndi limodzi. Batire la LFP la msinkhu womwewo limayendetsa katundu yemweyo maola pafupifupi khumi, limapirira kudzazidwa maulendo zikwi zingapo pomwe la mtovu limalekeza m'mazana, ndipo siligwira moto msanga monga la cobalt. Ndi lokwera mtengo pogula, koma lotsika mtengo powerengera zaka.

Inveta yopangidwira mtovu siyenera kulumikizidwa ku lithium isanasinthidwe ma volt ake. Maselo akale ochotsedwa m'malaputopu n'kumangidwa pamodzi popanda BMS ndiwo oopsa koposa. Bungwe la MERA limapereka ziphaso kwa amisiri oika magetsi, ndipo mwini nyumba ali ndi ufulu wopempha kuona chiphasocho.

Walira mvula walira matope: batire lililonse limafika potha. La lithium siliyenera kuponyedwa m'dzala momwe zinyalala zimatenthedwa, chifukwa limaphulika. La mtovu ndi loopsa mwanjira ina. Ku Thiaroye-sur-Mer, pafupi ndi Dakar ku Senegal, ana 18 adafa pakati pa 2007 ndi 2008 kaamba ka mtovu wochokera ku mabatire omwe ankaphwanyidwa m'makomo. Mtovu umawononga ubongo wa mwana ngakhale utalowa pang'ono, motero batire lotha liyenera kubwezedwa lathunthu kwa ogulitsa kapena osonkhanitsa, osati kuswedwa pabwalo.

Zomwe zili m'njira

Mabatire a sodium, chitsulo chopezeka mumchere, ayamba kupangidwa ku China. Amasunga mphamvu zochepa pa kilogalamu, koma safuna lithium kapena cobalt, ndipo kulemera si vuto kwa batire lokhala pamalo amodzi. Makampani ena, monga Toyota, akulimbana ndi batire lomwe electrolyte yake ndi yolimba m'malo mwa madzi oyaka, ngakhale kulipanga lambiri pa mtengo wotsika kukadali kovuta.

Malamulo nawo akusintha. Lamulo la European Union la mu 2023 likuti kuyambira mu Febuluwale 2027 mabatire a zipangizo zambiri za m'manja azitha kuchotsedwa ndi kusinthidwa ndi mwini wake, ndipo mabatire a galimoto zamagetsi ndi ena aakulu azikhala ndi chiphaso cha pa intaneti chofotokoza zomwe zili mkati ndi mbiri yake. Popeza mafoni ndi galimoto zambiri zofika kuno zimakhala zoti zidagwirapo ntchito kwina, thanzi la batire lidzakhala gawo lalikulu la mtengo wake, monga momwe makilomita alili pa galimoto ya petulo. Kwa wogula foni yakale lero, poyambira ndi pomwepo: kutsegula gawo la batire m'foniyo, kuona maperesenti a thanzi lake ngati ikusonyeza, ndi kuyang'ana ngati chivindikiro chayamba kutukuka asanatulutse ndalama.